Chiliza cha Marita ndi Phwando la ku Tete

Tsiku limene ndinawauza amayi anga kuti ndikukwatiwa ndi mwamuna wofedwa, anandiyang'ana nthawi yaitali kenako anati, "Mkazi mnzako wamoyo ungakangane naye. Wakufa salakwa." Ine ndinaseka, poti ndinali ndisanalowe m'nyumbamo.

Dzina langa ndi Asiyatu. Ndinabadwira ku Gadzema, m'dziko la Zimbabwe, m'banja la Chisilamu. Bambo anga anali a ku Machinga, koma ine Malawi ndinkangomumva m'nkhani za akuluakulu. Ndimagulitsa kaunjika ku Ingezi, kuno ku Kadoma. Amuna anga ndi a Mateyu, amene anagwira ntchito pansi pa mgodi ku Chakari mpaka msana unawakana. Koma ku Ingezi palibe amene amawatchula kuti a Mateyu. Onse amati baba Rudo, ndipo Rudoyo ndi mwana wa Marita, mkazi wawo woyamba. Marita anamwalira atapita kukaona makolo ake ku Mwanza, ndipo anaikidwa komweko. Ine polowa m'nyumbamo ndinapeza makatani ake akali m'mawindo, mbale zake m'kabati, ndi chithunzi chake pamwamba pa wailesi, atamanga mpango wabuluu, akumwetulira ndi mpata wa pakati pa mano.

Chaka chimenecho Rudo anatumiza thandizo kuchokera ku Joni kuti amayi ake amangiridwe chiliza. Iye sakanatha kubwera chifukwa cha ntchito. A Mateyu anati tipitire limodzi, ndikaone kwawo, akandionetsenso kwa alongo awo a Nambewe amene anali asanandionepo. Apo ndiye ndinakondwa. Ndinasoketsa diresi, ndinatenganso pasipoti yanga yoyamba. Ndinangopempha kuti tidikire chisanu chithe, chifukwa msana wawo umavuta kukazizira.

"Ayi," anatero. "Sabata yomaliza ya Julaye, basi."

Sindinafunse chifukwa chake. Ndinkaganiza kuti n'za amisiri a chiliza.

Tinanyamuka ku Ingezi kukali mbuu. Kombi ya ku Chegutu inadzaza msanga ndi anyamata okumba golide, nsapato zawo zili matope okhaokha. Ku Chegutu tinkatsikako kuti titenge Sesiliya, mng'ono wake wa Marita, amene amakhala ku Pfupajena. A Mateyu anati tikangogogoda n'kunyamuka. Tinapeza magetsi atazima, Sesiliya ali kuseri kwa nyumba akukoleza nkhuni, nkhuku ili m'beseni isanasosoledwe n'komwe.

"Babamukuru, mwafika kale?" anafuula kwa alamu akewo. "Mainini, pepani, magetsi andilakwira lero."

Mainini. Ndi mmene amanditchulira, mawu a Chishona otanthauza mayi wamng'ono, ngati kuti wamkuluyo wangopita kumsika ndipo abwera posachedwa.

Tinakhala pakhonde mpaka dzuwa linafika paliwombo. Anthu oyandikana nawo ankadutsa n'kumapatsa moni baba Rudo, ndipo aliyense anali ndi kankhani ka Marita: mmene ankaimbira kutchalitchi, mmene anawathandizira pa maliro akutiakuti. Ine ankangondipatsa dzanja. Nkhuku itapsa, Sesiliya anabweretsa chiwindi pa kambale, chofinyira ndimu ndi tsabola. A Mateyu analuma, natsinzina.

"Ha! Dzanja lomwe lija la malemu."

M'chikwama changa munali mpunga wa nyama ndi zitumbuwa zimene ndinadzukira tambala kuphika. Palibe amene anazifunsa.

Kenako Sesiliya anakasamba, natuluka atavala za paulendo. Kumutu anamanga mpango wabuluu. Ndinali nditamuonapo kangapo, koma tsiku limenelo chithunzi cha pa wailesi chinatsika n'kuyamba kuyenda, mpata wa mano ndi zonse. Ndinayang'ana amuna anga. Iwo anayang'ana pansi.

Kombi ya ku Harare inatichedwetsanso, ikuzungulira m'tauni ya Chegutu kusaka anthu. A Mateyu anawapatsa mpando wakutsogolo chifukwa cha msana. Ine ndinakhala kumbuyo kwenikweni nditakumbatira katoni ya maluwa apulasitiki a pamanda. Pa Selous anakweza mbuzi, pa Norton apolisi anatiimika n'kutsitsa mbuziyo, mwiniwake nayenso anatsika akutukwana. Tinalowa mu Harare dzuwa litapendeka, tinakagona kwa mphwawo wa a Mateyu ku Mufakose.

M'mawa, pokwera basi yaikulu ya ku Blantyre, kondakitala anayang'ana matikiti athu n'kufuula kwa mnzake wolongedza katundu, "Atatu awa ndi a ku Tete! Katundu wawo akhale kukhomo!"

"Mwalakwitsa," ndinatero. "Ife tikupita ku Mwanza."

"Sanalakwitse," anatero a Mateyu motsitsa mawu. "Tikagona ku Tete. Mawa kuli phwando la woyera wosunga mzindawo. Tikapempherako pang'ono, kenako tikakwera minibasi."

"Bwanji simunandiuze?"

Sesiliya ndiye anayankha, ndipo sanayankhe mwachipongwe. N'chimene chinandiwawa kwambiri. "Simukudziwa, mainini? Chaka ndi chaka akatenga tchuthi kumgodi ankayenda nthawi yomwe ino ndi malemu. Ankagona ku Tete, m'mawa n'kuyenda nawo pa mdipiti wa woyera. Sisi Marita ankati Rudo anamupempha komweko."

Choncho ulendo umene ndinausoketsera diresi unali ulendo wakalekale wa anthu ena. Ine ndinali wonyamula maluwa.

Mipando yathu inali ya atatu. Sesiliya anati amachita nseru akakhala kutali ndi windo. A Mateyu ankafuna kumapeto kuti azitambasula mwendo. Ine ndinakhala pakati, ndipo kuyambira ku Murehwa mpaka ku Mutoko nkhani za Marita zinkadutsa pamphuno panga, kupita uku, kubwera uko. Apa ndi pamene anagula tomato wa m'ndowa n'kumuiwala m'basi. Apa ndi pamene anakangana ndi dalaivala woledzera. Miyala yonse ya ku Mutoko inali ndi dzina lake.

Kutsogolo kwathu kunakhala mayi wina wonenepa, wogulitsa zitenje, dzina lake mai Chipo, amene msewuwo ankaudziwa ngati kukhitchini kwake. Atamva zoti tikutsika ku Tete anatembenuka.

"Sabata ino? Munaitaniratu foni kumene mukagone?"

"Tili ndi munthu wathu," anatero a Mateyu.

"Munthu wanuyo akhale ndi nyumba yaikulu. Pa phwandoli ku Tete ngakhale khoswe amasowa una. Makwaya a ku Moatize, a ku Angonia, ansembe, ogulitsa makandulo, onse amathira komweko."

Ku Nyamapanda tinakhala padzuwa kuyambira m'mawa mpaka masana. Anatitsitsa tonse, anatsitsa katundu yense, anamasula mitokoma ya mai Chipo mmodzi ndi mmodzi. Anyamata osintha ndalama ankatizungulira ngati ntchentche. Chisanu cha ku Kadoma chinali chitatsalira kumbuyo, uko kunali kotentha ngati mwezi wa Okutobala. Atandidindira pasipoti yanga yatsopano ndinaiyang'ana kangapo, ndikufuna wina woti ndimuonetse. A Mateyu anali kutsidya kwa msewu akumugulira Sesiliya madzi ozizira, chifukwa anadandaula mutu. Ananditengeranso ine botolo, ndisawanamizire. Koma langa linabwera lachiwiri.

Titadutsa Changara, basi inayamba kununkha ngati mphika wopserera, kenako utsi woyera unatuluka kutsogolo. Tinaima pakati pa milambe. Amuna anatengana kukatunga madzi pa mjigo wa m'mudzi, ana anabwera ndi masawu m'mabeseni. Dalaivala anamanga paipi yong'ambika ndi mphira, tinayenda pang'ono, tinaimanso, anathiranso madzi. Tinayenda choncho ngati nkhalamba yopita kumunda mpaka magetsi a ku Tete anaoneka, dzuwa likulowa.

Mzinda wonse unali pamsewu. Timbendera anatikoloweka kuyambira mtengo uwu mpaka uwo, malole odzaza amayi a mayunifolomu ankalowa akuimba, ena atasenza mphasa pamutu. Basi yathu inakwawa mpaka pabwalo lina pafupi ndi msika n'kuzima. Dalaivala anapita kukafuna makanika, anabwera akupukusa mutu: magalaji onse atseka, satsegula mpaka phwando litatha. Anthu a ku Blantyre anayamba kudandaula. A Mateyu okha nkhope yawo inali ngwee, kuwala ngati mwana wofika kwa ambuye ake.

Tinayamba ndi nyumba zogona alendo za pafupi, kumeneko amati pensawu, chifukwa Sesiliya mutu unali utamugwira ndithu. Pakhomo loyamba mlonda anangokweza dzanja kusonyeza kuti kwadzaza: "Sheyu!" Lachiwiri, sheyu. Lachitatu anatilozera pakhonde pamene anthu anali atayala kale mphasa mpaka pamasitepe. Pena anati chipinda chilipo, koma mtengo umene anatchula unali woti munthu n'kugulira mbuzi. Ine ndinali nditasenza sutikesi pamutu, katoni ya maluwa m'khwapa, popeza mmodzi anali wa msana, wina wa mutu.

"Musadandaule," ankatero a Mateyu. "Munthu wathu uja, a Joakimu, sangatitaye."

Tinatsetsereka ndi kanjira kolowera kumtsinje mpaka pa nyumba ya mpanda wobiriwira. Pabwalo panali anthu mbwee, amayi akuphika pa mbaula, ana atagona pa zitenje. Bambo wina wa imvi, wovala magalasi okhuthala, anali kubweza anthu pageti. Ataona a Mateyu anatambasula manja.

"Senyoro Mateyu! Zaka zonsezi munathawira kuti?"

Chinyungwe chake chinkamveka ndithu kwa munthu wa Chichewa. Anakumbatirana, kenako maso ake anagwera pa Sesiliya, pa mpango wabuluu, pa mpata wa mano.

"Dona Marita! Simukalamba inu! Lowani, lowani. Zipinda zonse zadzaza, koma kachipinda kanu kaja kakuseri ndinaikamo matumba a chimanga, tichotsa pompano. Bedi ndi lomwe lija."

Anamugwira Sesiliya dzanja ndi manja onse awiri. Kenako anandiona ine kumbuyo, thukuta lili chuchuchu pansi pa sutikesi.

"Iwe mtsikana, tula katundu wa abwana ako pakhondepo. Ugona ndi amayi awa panja, mphasa ilipo."

Ndinayang'ana amuna anga. Mawu amene ankafunika anali ochepa. Misozi inalengeza m'maso mwawo, ndipo anaima chilili ngati chitsa. Sesiliya nayenso anangoti kukamwa yasa. Sindikudziwa kuti chetecheteyo anatalika bwanji, koma kwa ine anakwana. Ndinatula sutikesi pansi, ndinaika katoni ya maluwa pamwamba pake bwinobwino, ndinatembenuka n'kutuluka pageti. Ndinamva dzina langa kumbuyo, koma gulu la kwaya linali likutsika ndi kanjirako ndipo ndinalowa pakati pawo.

Maganizo anga anali amodzi: kubwerera ku Kadoma. Ndinafunsa pamene pamaima maminibasi a kumalire. Ndinapeza pali mbee. Bambo wina wowotcha chimanga anandiuza kuti magalimoto onse anawachita hayala kukatenga anthu a mapemphero kumidzi, ndipo m'mawa msewu waukulu autseka mpaka mdipiti utadutsa. Woyera wa eniake anali atanditsekera njira kutsogolo ndi kumbuyo komwe.

Ndinabwerera ku basi yathu yakufa ija. Amayi anali atagawana mipando, amuna ambiri atapita kukaona phwando. Mai Chipo anandiyang'ana kamodzi kokha, nasuntha mtokoma wake.

"Una wasowa?"

"Ulipo. Koma si wanga."

Sanafunsenso. Ndinatsegula mpunga wanga uja, unali utayamba kusasa, tinadya zitumbuwa zokha. Ndinalira pang'ono nditafunda chitenje chake chatsopano, tulo n'kunditenga.

Mabelu a tchalitchi ndiwo anandidzutsa, kunja kutayera. Mai Chipo anali pawindo akutsuka m'kamwa.

"Iwe, bwera udzaone. Mdala uyu si wako?"

A Mateyu anali pansi, pa fumbi, atatsamira tayala lakumbuyo la basi, jekete atafunda kumutu. Nsapato anali atavula n'kuzikhalira kuopa akuba. Ndinatsika. Atandiona anafuna kudzuka, koma msana unakana, anangoti "mayo" n'kubwerera pansi.

"Mwakhala pano kuyambira liti?"

"Ndinakufuna kumsika, kumaminibasi, kutchalitchi. Kondakitala ndiye anandiuza kuti uli m'katimu. Anati amuna saloledwa kulowa amayi akagona."

"Bedi lija mwalisiyira ndani?"

"Sesiliya wagonapo ndi mkazi wa a Joakimu."

"Mukanagona. Paja ndi lomwe lija."

Anachotsa jekete kumutu. Kenako anati, "Asiyatu, munthu uja atatchula dzina lija ngati mwiniwake ali moyo, ndinalephera kumuuza zoona. Zaka zonsezi aliyense amati malemu, malemu. Iye yekha padziko lonse sankadziwa. Ndinafuna asadziwe kanthawi kochepa chabe."

"Kanthawi kanu kochepako ine ndinali wantchito."

"Ndikudziwa."

"Simukudziwa. Mukanadziwa mukanandiuza tikali ku Ingezi kuti tikupita kukayenda m'mapazi a Marita. Ndikanabwerabe. Koma ndikanabwera ndi nsapato zoyenera, osati diresi la kwa apongozi."

Sanadziteteze. Anangogwira m'mphepete mwa chitenje changa ngati mwana, ndipo ine mkwiyo ndinali nawo wambiri woti ndiwathire, koma n'kovuta kukalipira munthu amene ali pansi ndipo sangathe kudzuka.

Tili choncho, anatulukira a Joakimu ndi akazi awo, Sesiliya ali pambuyo. Ananyamula fulasiki ya tiyi ndi buledi wawo wautali uja. Sesiliya anali atavula mpango wabuluu, atamanga wina wamaluwa. A Joakimu anavula chipewa, naima patsogolo panga.

"Mayi, maso angawa ndi okalamba, koma pakamwa ndi pamene panalakwa. Ndikhululukireni."

Ndisanayankhe, a Mateyu analankhula ali pansi pomwepo, mokweza moti amayi a m'basi anasuzumira m'mawindo.

"A Joakimu, awa ndi akazi anga, a Asiyatu, mwana wa a Machinga, wa ku Gadzema. Ndi amene amandisunga. Ndinayenera kunena dzulo pageti panu."

"Mwachedwa nazo, mdala!" anafuula mai Chipo pawindo, basi yonse n'kuseka. Ine sindinaseke, koma tiyi ndinalandira.

Mdipiti unayamba dzuwa litakwera. Kutsogolo kunali anyamata a mtanda ndi makandulo, kenako amuna atasenza chifanizo cha woyerayo pamapewa, atachikongoletsa ndi maluwa, pambuyo pake makwaya ndi khamu losaoneka mapeto. A Mateyu ankayang'ana ali chikhalire, maso ali pamsewu. Ndinadziwa kuti sapempha kuti tiwadzutse. Sesiliya anawerama kuti awagwire mkono.

"Asiyeni," ndinatero. "Ndiwadzutsa ndine."

Ndinalowetsa phewa langa m'khwapa mwawo, tinadzuka pang'onopang'ono, tinalowa kumapeto kwa khamulo pamodzi ndi nkhalamba ndi opunduka. Ine mwana wa Chisilamu, nyimbo zawo sindinkazidziwa, pogwada sindinkadziwa. Ndinkangodziwa kulemera kwa munthu amene ndinamunyamula. Pafupi ndi tchalitchi ndinamva akunong'ona pemphero, ndipo dzina la Marita linalimo. Linandibaya monga limandibayira nthawi zonse. Ndinadikira kuti ndimve ngati langa litulukenso, koma ng'oma za kwaya zinakwera ndipo sindinamve. Mpaka lero sindinawafunse.

Msewu anautsegula masana. Tinapeza minibasi yobweza anthu ku Moatize, kumeneko tinakwera ina mpaka pa Zobwe, tinadinditsa, tinalowa m'Malawi dzuwa likali. Dziko la bambo anga ndinaliona koyamba ndili wotopa moti ndimangokumbukira mapiri ndi malalanje a m'mbali mwa msewu. Chiliza tinamanga patapita masiku awiri. Maluwa aja ndinaika ndine, poti ndine ndinawanyamula kuchokera ku Kadoma.

Koma tsiku lofikalo, kwa a Nambewe, ndi limene ndimalikumbukira. Anatuluka m'nyumba akuthamanga, anaima ataona mchimwene wawo akutsika pa njinga ya kabaza atapindika ngati chikwakwa. Anandiyang'ana ine kuyambira kumutu mpaka kumapazi, diresi langa latsopano lili fumbi lokhalokha.

"Ndinu alamu anga? Nanga mchimwene wangayu mwamutani?"

"Anagona pansi ku Tete," ndinatero, "panja, pa tayala la basi."

"Kalanga ine! Malo anasowa?"

"Malo analipo, bedi labwino ndithu. Ankadikira ine."

A Nambewe anawomba m'manja n'kuseka mpaka kugwira m'mimba. "Uyu? Mateyu amene ndikumudziwa ine? Zaka zonse ankayenda ndi malemu, sindinamvepo kuti wagona pansi chifukwa cha mkazi."

Anandilanda chikwama, nandigwira dzanja kulowa nane m'nyumba. Pakhomo ndinawafunsa chapansipansi, kuti a Mateyu asamve.

"Mukunena zoona, alamu? Ngakhale kamodzi?"

"Ngakhale kamodzi."

Ndinawapempha kuti anenenso.